Kusintha Ampulifaya ya Mavalavu Kuti Iziyendetsa Bokosi la Leslie

Limba lamagetsi la Hammond la mtundu wa B-3 lilibe sipika m'mimba mwake. Woimba akadina makiyi, chimene chimatuluka ndi kamphamvu kamagetsi koyenda m'waya, ndipo kuti kamveke m'tchalitchi kapena m'holo pamafunika ampulifaya yokakuza komanso bokosi la masipika. Laurens Hammond anayamba kugulitsa malimba ake ku Chicago mu 1935, ndipo B-3, imene inabwera patapita zaka pafupifupi 20, ndiyo inatchuka koposa onse. Komabe mawu onjenjemera aja amene anthu amawamva m'nyimbo za gospel ndi jazz n'kunena kuti ndi a Hammond, mbali yaikulu amachokera m'bokosi limene Hammond sanapange.

Amene analipanga ndi Donald Leslie, yemwe anayamba kugulitsa mabokosi ake ku California mu 1941. Hammond sanalikonde bokosilo, mpaka kampani yake inkaletsa ogulitsa malimba ake kuti asamaligulitse. Oimba sanazimvere zimenezo. Jimmy Smith ndi anzake a jazz, pamodzi ndi oimba a m'matchalitchi a anthu akuda ku America, anazolowera kulumikiza limba la Hammond ku bokosi la Leslie mpaka ziwirizo zinasanduka chida chimodzi. Mabokosi akalewo akadalipo mpaka lero, koma ena amapezeka ampulifaya yake itapsa, ena itachotsedwa kalekale. Mmisiri amene ali ndi ampulifaya ya mavalavu yodzipangira yekha, imene kawirikawiri imakhala ya gitala, amaganiza zoilowetsa m'malomo. N'zotheka ndithu, koma ampulifayayo imafunika kusinthidwa m'malo angapo isanayenere ntchitoyi. Chosinthidwa chikhale ampulifaya, bokosi lisiyidwe momwe analipangira. Ampulifaya munthu angapange ina mawa, pamene zipangizo za m'bokosi lakale zikawonongeka zimavuta kupeza.

Mabokosi odziwika kwambiri ndi a nambala 122 ndi 147. M'kati mwake muli zipinda zitatu zosanjikizana. M'chipinda chapakati muli sipika yaikulu ya mainchesi 15 yoyang'ana pansi, ndi kasipika ka mawu okwera koyang'ana kumwamba. Masipika awiriwa sazungulira ayi. Chimene chimazungulira ndi njira yotulukira mawu. Kumwamba kuli malipenga awiri akuda opatsana misana. Limodzi lokha ndilo limatulutsa mawu. Linalo ndi lotseka, ntchito yake ndi kulinganiza kulemera kuti pozungulira pasamakhale kugwedezeka. Pansi pali ng'oma yamatabwa yokutidwa ndi nsalu, yotseguka mbali imodzi, imene imalandira besi kuchokera ku sipika yaikulu n'kumaimwaza m'chipinda chonse. Pakati pa ampulifaya ndi masipika pali kachipangizo kotchedwa crossover, kamene kamagawa mawu pa 800 hertz, kutanthauza kunjenjemera ka 800 pa sekondi imodzi. Mawu opitirira pamenepo amapita ku lipenga, otsika amapita ku ng'oma.

Zozungulirazi zili ndi maliwiro awiri. Pa liwiro lapang'onopang'ono, lotchedwa chorale, zimazungulira ka 40 mpaka 50 pa mphindi imodzi. Pa liwiro lothamanga, lotchedwa tremolo, lipenga limafika ka 400 pa mphindi ndipo ng'oma ka 340 kapena chapomwepo. Lipenga likamabwera kuloza kwa womvera mawu amakwera pang'ono n'kukula, likamatembenuka amatsika n'kuchepa. Chomwechi chimachitika ndi kulira kwa ambulansi ikamadutsa, ndipo Christian Doppler anachifotokoza mu 1842. Woimba akasintha liwiro, lipenga, poti ndi lopepuka, limafika msanga, pamene ng'oma imatenga masekondi angapo. Kamphindi kameneko, ziwirizo zisanagwirizane, ndiko oimba amakakonda kwambiri.



Asanakhudze chilichonse m'kati mwa ampulifaya, mmisiri ayenera kudziwa chimene akugwira. Valavu ndi kabotolo kagalasi kochotsedwa mpweya. M'kati muli kawaya kotenthetsa kamene kamadya mavolti 6.3, ndi timbale tachitsulo. Mbale yaikulu, imene amisiri amati plate, imafuna mavolti 300 mpaka 500. Magetsi amenewa amasungidwa m'makapasita akuluakulu, ndipo amakhalamobe ngakhale pulagi itazulidwa pakhoma. Amapha munthu. N'chifukwa chake ampulifaya iliyonse yodzipangira iyenera kukhala ndi rezisita ya 220,000 ohm, ya mawati 2, yomangidwa pa kapasita yoyamba kuti izitsanula magetsiwo pang'onopang'ono ikazimitsidwa. Ngakhale zili choncho, mmisiri amayamba wayika mita pa kapasitayo n'kuona kuti mavolti atsika mpaka pafupi ndi ziro. Poyeza ampulifaya yoyaka amagwiritsa dzanja limodzi, linalo lili m'thumba, kuti magetsi akamugwira asadutse pachifuwa kuchoka kudzanja ili kupita kudzanja ilo. Chasisi, chitsulo chimene zipangizo zonse zimamangidwapo, chilumikizidwe ku waya wa ethi, ndipo fyuzi ikhalepo yoyenerera, osati kawaya kongopiringiza.

Ntchito yoyamba ili pa thiransifoma yotulutsira mawu. Mavalavu amagwira ntchito ndi mavolti ambiri ndi karenti yochepa, pamene sipika imafuna mavolti ochepa ndi karenti yambiri. Thiransifoma imagwirizanitsa ziwirizi monga momwe magiya a njinga amathandizira wakabaza pachitunda: mphamvu ya miyendo ndi yomweyo, koma giya yolakwika imamuthetsa mawondo asanafike pamwamba. Mavalavu awiri a EL84 ogwira ntchito mokankhana ndi kukokana amafuna katundu wa pafupifupi 8,000 ohm. Sipika ya gitala nthawi zambiri ndi ya 8 ohm. Ndiye kuti thiransifoma iyenera kuchulukitsa katunduyo ka 1,000, ndipo imachita zimenezi pokhala ndi mikombero ya waya pafupifupi 32 kumbali ya mavalavu pa mkombero umodzi uliwonse wa kumbali ya sipika, popeza 32 kuchulukitsa ndi 32 ikupitirira pang'ono 1,000.

Masipika a Leslie 122 ndi 147 ndi a 16 ohm. Akalumikizidwa pa waya wa 8 ohm, mavalavu aja amaona katundu wa 16,000 ohm m'malo mwa 8,000. Mawu amatuluka, inde, koma mphamvu imachepa, ndipo mavolti a pa plate amadumpha kufika patali kuposa mmene thiransifoma inapangidwira. Apa amisiri amene anakulira pa maampulifaya a thiranzisita amasokonekera. Kwa thiranzisita choopsa ndi sipika ya ma ohm ochepa. Kwa valavu choopsa kwambiri ndi ma ohm ochuluka, ndipo choipitsitsa ndi kusowa sipika kumene. Ampulifaya ya mavalavu ikamaimbidwa waya wa sipika atazuka, mphamvu imene ili m'chitsulo cha thiransifoma imasowa kolowera, imabwerera ngati mavolti masauzande, n'kuboola vanishi wa mawaya kapena kuthetheka pa soketi ya valavu. Masekondi ochepa ndi okwanira kuwononga chipangizo chodula kwambiri m'ampulifaya yonse.

Ngati thiransifoma ili ndi waya wa 16 ohm, nkhani yatha. Sipika isamutsidwire pamenepo. Ngati ilibe, njira yowongoka ndi kugula ina. Ena amayika rezisita yaikulu ya 16 ohm pambali pa masipika kuti zonse pamodzi zikhale 8 ohm. Zimateteza mavalavu, koma theka la mphamvu limangosanduka kutentha, choncho n'zongodikirira. Ena amachotsa masipika a m'bokosi n'kuikamo a 8 ohm, ndipo uku n'kulakwitsa, chifukwa crossover anaiwerengera pa 16 ohm. Masipika akasintha, malire a 800 hertz aja amasuntha, ndipo kasipika kakumwamba kangayambe kulandira mawu otsika amene sikangawapirire. Popeza mabokosi akale anadutsa m'manja ambiri, ndi bwino kuyeza sipika iliyonse payokha. Mita imaonetsa nambala yocheperapo: sipika ya 16 ohm imawerenga 11 mpaka 13, ya 8 ohm imawerenga cha m'ma 6. Sipika yaikulu ikapezeka ili ndi mawaya anayi m'malo mwa awiri, mwina ndi ya mtundu wakale kwambiri, wa zaka za m'ma 1940 ndi 1950, umene maginito ake ndi koilo yofuna magetsi kuchokera ku ampulifaya. Yotereyo siimba mpaka koiloyo itapatsidwa magetsi ake.

Nkhani ya thiransifoma siithera pa ma ohm. Chingwe chotsika kwambiri cha gitala chimalira pa 82 hertz. Limba la Hammond, woimba akaponda chopondera chomaliza kumanzere, limatsika mpaka pafupifupi 33 hertz. Mawu akamatsika, chitsulo cha thiransifoma chimafunika kunyamula maginito ochuluka. Akatsika ndi theka, maginitowo amawirikiza kawiri. Chitsulo chikadzadza sichilandiranso, ndipo besi imasanduka phokoso losasa, lophwanyika, pamene mavalavu akutentha mopitirira. Thiransifoma imene yangokwanira kupereka mawati 40 pa 80 hertz imapereka pafupifupi mawati 10 okha pa 40 hertz isanayambe kusasa. N'chifukwa chake thiransifoma ya limba imakhala yaikulu ndi yolemera kuposa ya gitala ya mawati ofanana. Mmisiri amene akugula yatsopano asankhe yolembedwa kuti imapereka mphamvu yake yonse mpaka 30 hertz, monga zimene amagwiritsa opanga maampulifaya omvetserera nyimbo m'nyumba. Ndalama zambiri za ntchito yonseyi zimathera pamenepa, ndipo ndi pamalo poyenera kuti zithere.

Opanga maampulifaya a gitala amadula besi mwadala, kuti gitala isamamveke ngati ili m'matope. Amachita zimenezi ndi timakapasita timene timapatsira mawu kuchokera ku valavu imodzi kupita ku inzake. Kapasita ya 0.022 microfarad yoyang'anizana ndi rezisita ya 220,000 ohm imayamba kudula pa 33 hertz, pamene penipeni pali noti yotsika ya limba, ndipo zikakhala ziwiri kapena zitatu motsatizana kudulako kumaunjikana. Kapasita ya 0.1 microfarad pamalo omwewo imatsitsa malirewo kufika pa 7 hertz. Ikhale ya mavolti 630. Kapasita imene ili pa cathode, kena mwa timbale ta m'kati mwa valavu yoyamba, nayo iyang'anidwe: maampulifaya ena otsanzira a kampani ya Marshall amaikapo ya 0.68 microfarad, imene imakweza mawu apakati ndi apamwamba okha, ndipo pa limba pamafunika ya 25 microfarad kapena kuposerapo. Koma kukulitsa makapasita onse mopanda malire kumabweretsa vuto lina. Ampulifaya imayamba kupuma yokha, phu phu phu, sipika ikulowa ndi kutuluka popanda woimba. Zikatero, kapasita imodzi ibwezedwe pa nambala yocheperapo, kapena makapasita osefa magetsi a mavalavu oyambirira awonjezedwe.

Polowera mawu pamafunikanso kusintha. Gitala imatulutsa kamphamvu kochepa, gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a volti, ndipo ampulifaya yake imakhala ndi mavalavu a 12AX7 amene amachulukitsa kamphamvuko kwambiri. Limba la B-3 lili kale ndi chokuzira chake m'kati, chimene chimatulutsa mavolti angapo. Makiyibodi amakono, monga amene ali m'matchalitchi ambiri, amatulutsa cha m'ma volti imodzi. Kulowetsa zimenezi pa jeki ya gitala kumangodzadza valavu yoyamba, mawu n'kuphwanyika woimba asanaponde n'komwe chopondera chokuzira. Njira yachidule ndi kuika marezisita awiri, ya 100,000 ohm panjira ndi ya 10,000 ohm yopita ku ethi, zimene zimachepetsa mphamvuyo ka 11. Njira yabwino koposa ndi kulambalala mavalavu oyambirirawo pamodzi ndi mabatani a besi ndi treble, chifukwa mabatani a gitala amakumba mawu apakati, pamene thupi la limba lili. Mawu alowe kudzera pa batani limodzi lokuzira, apite ku valavu imodzi yofatsa ngati 12AU7, kenako ku valavu yogawa mawu pawiri imene imadyetsa mavalavu akuluakulu. 12AU7 imalowa pa soketi yomweyo ya 12AX7, koma imachulukitsa ka 20 kapena kucheperapo m'malo mwa ka 100, ndipo imadya karenti yambiri, choncho marezisita ake awerengedwenso.

Pa chokuzira cha B-3 pali timisomali tiwiri tolembedwa G ndi G. Tonse timanyamula mawu ofanana koma otembenuzana, dongosolo limene limathandiza kuti waya wautali asatole phokoso. Ampulifaya yodzipangira ingatenge G imodzi ndi ethi, kapena, ngati waya ndi wautali, ingaikidwe kathiransifoma kakang'ono polowera kuti itenge zonse ziwiri. Panjirapo pakhale kapasita, chifukwa malimba amene anamangidwa kale kuti aziyendetsa Leslie 122 amatumiza magetsi osinthira liwiro m'mawaya omwewo a mawu.

Maampulifaya ambiri ali ndi waya amene amatenga pang'ono mwa mawu otuluka n'kuwabwezera kumbuyo mozondoka, kuti achepetse kusasa ndi kugwira sipika kuti isamangodzigwedezera. Amisiri amati feedback. Waya ameneyu amaiwalika kawirikawiri posamutsa sipika. Pa waya wa 16 ohm pamakhala mavolti ochuluka ka 1.4 kuposa pa wa 8 ohm, choncho feedback ikasamukira kumeneko rezisita yake ikwezedwe mofanana, mwachitsanzo kuchoka pa 47,000 kupita pa 68,000 ohm. Chophweka ndi kungoisiya pa waya wa 8 ohm pomwe inali. Thiransifoma ikakhala yatsopano, pali mwayi woti mawaya ake atembenuzana, ndipo ampulifaya ikangotentha imakuwa mokweza kwambiri. Izimitsidwe nthawi yomweyo, makapasita atsanulidwe, ndipo mawaya awiri opita ku ma plate asinthanitsidwe.

Gitala ikakhudzidwa mawu amayamba mwamphamvu kenako amazilala, ndipo ampulifaya imapeza mpata wopuma. Limba silipereka mpata wotero. Woimba angagwire manoti asanu ndi atatu, phazi lili pa besi, kwa masekondi 20 kapena 30 pamene mpingo ukukweza mawu, ndipo nthawi yonseyo mavalavu ndi thiransifoma ya magetsi zikukoka mphamvu yonse. Thiransifoma imene inkangofunda pa gitala ingatenthe mpaka kununkha vanishi. Mmisiri aiyese kwa ola lathunthu, ndipo ngati dzanja silingakhalepo masekondi angapo ampulifaya itazimitsidwa, ndiye kuti ndi yaing'ono. Karenti imene mavalavu akuluakulu amadya ali chete, yotchedwa bias, nayo iyikidwe mosamala. Valavu ya EL34 imaloledwa mawati 25 pa plate, ndipo amisiri ambiri saipitirira magawo 70 pa 100 aliwonse, amene ndi mawati 17 ndi theka. Pa mavolti 400, imeneyo ndi karenti ya mamiliampu 44. Rezisita ya 1 ohm ikaikidwa pakati pa cathode ndi ethi, mita imawerenga mamilivolti 44, ndipo nambalayo ndi yofanana ndi mamiliampu. Pa limba ndi nzeru kukhala pansi pang'ono pa malirewo. Plate ikayamba kufiira ngati khala m'chipinda chamdima, valavuyo ikufa.

Ampulifaya yeniyeni ya Leslie 122 ndi 147 ili ndi mavalavu awiri a 6550 ndipo imapereka mawati 40. Nambala imeneyi ndiyo muyezo wa zimene masipika ake angalandire. Ampulifaya ya EL84 ya mawati 15 imakwanira m'chipinda chaching'ono, ndipo ikakakamizidwa imatulutsa kubangula kumene oimba a rock amakufuna. Jon Lord wa gulu la Deep Purple anafika pomalumikiza Hammond yake ku maampulifaya a gitala a Marshall pofuna mawu aukali otere. Ya EL34 kapena 6L6 iwiri ndiyo ikufanana ndi yeniyeni. Ya mawati 100 imawotcha kasipika ka lipenga, kamene waya wake ndi wopyapyala kwambiri.



Mbali imene yavulaza zida zambiri ndi ya mamota. Lipenga lili ndi mamota awiri, yothamanga ndi yapang'onopang'ono, ndipo ng'oma nayo ili ndi awiri. Onsewa amayendera magetsi a pakhoma. M'bokosi lenileni, relay imene imasankha mamota oti ayende imakhala pa ampulifaya, ndiye ampulifaya ikachotsedwa, chosinthira liwiro chimapita nayo. Kuwonjezera apo, pulagi ya timiyendo 6 imene imalumikiza limba ndi bokosi imanyamula mawu pamodzi ndi magetsi a pakhoma m'chingwe chimodzi. Ya 122 ndi ya 147 zimaoneka chimodzimodzi ndipo zimalowana, koma timiyendo take timagwira ntchito zosiyana. Kulowetsa chingwe cha ina pa inzake kungatumize magetsi a pakhoma m'njira ya mawu.

Pa ampulifaya yodzipangira palibe chifukwa chotsanzirira dongosolo limenelo. Mawu opita ku masipika akhale ndi chingwe chawo, chokhala ndi pulagi yokhoma monga Speakon, imene siizuka munthu akaipunthwa. Magetsi a mamota akhale ndi chingwe china, cha mawaya atatu, ndi fyuzi yake. Relay yatsopano ikhale ya koilo ya mavolti 12 a DC, yodyetsedwa ndi kachipangizo kake kotulutsa magetsi a DC, kuti switchi imene woimba amakankha ndi dzanja lamanzere kapena kuponda ndi phazi isakhale ndi magetsi oopsa. Relay ikakoka, magetsi amapita ku mamota othamanga. Ikamasuka, amapita ku apang'onopang'ono. Pa koiloyo pamangidwe dayodi, ndipo pa timilomo ta relay pakhale kapasita ya 0.1 microfarad ya mtundu wa X2, yopangidwira magetsi a pakhoma, motsatizana ndi rezisita ya 100 ohm. Popanda zimenezi, nthawi iliyonse woimba akasintha liwiro m'masipika mumamveka kuti tho.

Bokosi lochokera ku America linapangidwira mavolti 117 ndi 60 hertz. Ku Malawi ndi ku Zambia magetsi a pakhoma ndi a mavolti 230 ndi 50 hertz. Thiransifoma yotsitsa magetsi imakonza mavolti okha, ma hertz siisintha, ndipo liwiro la mamotawa limatsata ma hertz. Lipenga loyenera kuzungulira ka 400 limazungulira pafupifupi ka 333. Izi zimakonzedwa posintha kagudumu ka pa mota kamene lamba amadutsapo, kuikapo kokulirapo. Mabokosi opangidwira ku Ulaya anali ndi zipangizo za 50 hertz. Limba lakale la Hammond lili ndi vuto lomweli, koma lalikulu, chifukwa manoti ake amapangidwa ndi timagudumu tachitsulo 91 tozunguzidwa ndi mota yotsata ma hertz a pakhoma. Limba la 60 hertz likayatsidwa pa 50 hertz, noti iliyonse imatsika ndi makiyi atatu n'kupitirira pang'ono, moti silingaimbe pamodzi ndi chida china chilichonse mpaka litapatsidwa chipangizo chosinthira ma hertz. Jenereta imene liwiro lake likukwera ndi kutsika imachititsanso manoti kuyendayenda chimodzimodzi.

Limba limaulula kung'ung'udza kumene gitala imabisa, popeza sipika ya mainchesi 15 imatulutsa bwino mawu otsika ndipo ng'oma imawamwaza ponseponse. Khutu lozolowera limasiyanitsa mitundu iwiri. Kung'ung'udza kotsika, kwa 50 hertz, kumachokera ku mawaya otenthetsera mavalavu, ku maginito a thiransifoma kapena a mota, kapena ku ethi yolumikizidwa m'njira ziwiri. Mawaya otenthetsera apotedwe awiriawiri, agonekedwe m'mbali mwa chasisi, ndipo ngati thiransifoma ilibe waya wapakati, marezisita awiri a 100 ohm amangidwe kuchokera mbali iliyonse kupita ku ethi. Kung'ung'udza kokwererapo, kwa 100 hertz, kumasonyeza kuti makapasita osefa ndi ang'ono kapena atopa. Mawaya onse a ethi akumane pamalo amodzi pa chasisi. Waya wa ethi wa pakhoma asadulidwe pofuna kuthetsa phokoso. Waya ameneyo ndi woteteza moyo wa woimba. Ampulifaya ikaikidwa m'kati mwa bokosi imangidwe zolimba ndi zomangira, patali ndi nsalu ya ng'oma, ndipo mawaya onse amangidwe kuti lamba asawakole.

Kuyatsa koyamba kusachitikire pa bokosi. M'malo mwa masipika pamangidwe rezisita ya 16 ohm ya mawati 50, ndipo panjira ya magetsi a pakhoma pakhale babu lakale la kawaya, la mawati 60 kapena 100. Zinthu zikakhala bwino babulo limawala kamphindi kenako limazilala. Likapitiriza kuwala kwambiri, penapake pagundana mawaya, ndipo babulo lateteza thiransifoma. Babu likachotsedwa, mmisiri amayeza mavolti a pa plate ndi bias, kenako amalowetsa noti imodzi n'kumaikweza pang'onopang'ono. Mphamvu imapezeka pochulukitsa mavolti ndi mavolti omwewo n'kugawa ndi ma ohm. Mavolti 25 pa 16 ohm ndi mawati 39. Ayesenso ndi noti yotsika kwambiri, chifukwa pamenepo ndi pamene thiransifoma yaing'ono imadziulula.

Zimenezi zikayenda bwino ndi pamene bokosi limalumikizidwa, batani lokuzira lili pansi, mamota atazimitsidwa. Khutu liyikidwe kumwamba kuti limve ngati lipenga likutulutsa mawu okwera okha, kenako pansi kuti limve besi. Pambuyo pake mamota ayatsidwe pa liwiro lapang'onopang'ono, timafuta topepuka titadonthezedwa m'malo mwake ndipo malamba atayang'anidwa kuti sanaume kapena kung'ambika. Amene sanagwirepo ntchito pa magetsi a mavolti 400 asayambire pa ampulifaya imeneyi ali yekha; apite nayo kwa mmisiri wodziwa mavalavu, aime pambali pake, ndipo aone mmene amatsanulira makapasita asanalowetse dzanja.